Kutentha thupi konse si malungo: mafunso ndi mayankho pa za nkhupakupa ndi nkhufi kuno ku Mchinji

Kwathu kuno nkhupakupa timaziona ngati vuto la ng'ombe, mbuzi ndi agalu. Mwana akabwera nayo m'khwapa kuchokera kudambo, timangoithothola n'kuiphwanya ndi chikhadabo, nkhani yathera pomwepo. Inenso ndinakula chomwecho, ndikudyetsa ng'ombe za amalume m'madambo a mtsinje wa Rusa, ndipo palibe amene anandiuzapo kuti kachilombo kameneka kangagoneke munthu pamphasa.

Maso anga anatseguka chaka china mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 7, atatentha thupi masiku anayi. Anamuyeza malungo kawiri osawapeza. Tsiku lachisanu agogo ake pomusambitsa ndi amene anaona kachilonda kakuda m'mphechepeche, pafupi pake pali mwanabere. Titabwerera kuchipatala n'kuwaonetsa, adokotala anafunsa kuti, "Kodi mwanayu amapita kubusa?" Mankhwala amene anamupatsa tsiku limenelo anamudzutsa pasanathe masiku atatu. Kuyambira pamenepo nkhani ya nkhupakupa ndimaitsatira, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene abale ndi anzanga amandifunsa kawirikawiri.

Kodi nkhupakupa ingadwalitsedi munthu?

Inde. Si iliyonse imene ili ndi matenda, ndipo anthu ambiri amalumidwa osadwala. Koma nkhupakupa chakudya chake ndi magazi basi. Ikaswa m'dzira imayamwa nyama imodzi, n'kugwa pansi, n'kufundula, n'kudzakwera ina. Tizilombo ta matenda timene yatola m'njiramo, kapena timene yabadwa nato, imatilowetsa m'thupi mwa amene ikumuyamwa kudzera m'malovu ake.

Matenda amene amagwira anthu kwambiri m'chigawo chino cha Africa, achipatala amawatchula kuti African tick-bite fever, ndipo amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Rickettsia africae. Amafala ndi nkhupakupa za mtundu wa Amblyomma, zija zamawanga owala kumsana zimene timaziona pabere la ng'ombe, pamimba ndi pansi pa mchira. Zikuluzikuluzo zimakonda ziweto. Ife amatiluma kwambiri ndi ana ake, amene akangoswa amakhala ang'ono ngati njere ya fodya. Amaunjikana pansonga za udzu kudikira wodutsa, ndipo munthu ukakhudza udzuwo amakukwera ambirimbiri nthawi imodzi. Nkhupakupa siuluka, sidumpha. Nthawi zambiri imangodikira kuti uikhudze.

Palinso nkhupakupa yofiirira ya agalu, imene imabisala m'ming'alu ya pakhonde pamene galu amagona. Imeneyi imafalitsa bakiteriya wina wotchedwa Rickettsia conorii, ndipo matenda ake nthawi zina amakhala aakulu kuposa oyambawo.

Nanga nkhufi, si chimodzimodzi ndi nkhupakupa?

Ndi pachibale, koma makhalidwe ake ndi osiyana. Achikulire amaidziwa bwino. Achinyamata ambiri sanaionepo, kapena akaiona amaiyesa nsikidzi.

Nkhupakupa ya kutchire ili ndi msana wolimba, ndipo ikaluma imakanirira masiku angapo mpaka kufufuma ngati nsatsi. Nkhufi ndi yofewa, yotuwa, khungu lake lamakwinya, mutu wake wobisika kunsi. Malo ake ndi m'ming'alu ya zipupa zadothi, m'fumbi la pansi, m'makola a nkhumba ndi m'mauna a njiri. Imatuluka usiku, imayamwa pafupifupi theka la ola kapena kucheperapo, n'kubwerera m'mng'alu. Munthu umadzuka m'mawa osadziwa kuti walumidwa. Choopsa china n'chakuti imatha kukhala zaka osadya kanthu, choncho nyumba yakale kapena khola losiyidwa lingakhale nazo ngakhale papita nthawi yaitali musakugona aliyense.

Nkhufi imafalitsa matenda otentha thupi mobwerezabwereza, amene amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Borrelia duttonii. Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku Britain, Joseph Everett Dutton, amene anamwalira ku Congo mu 1905 atadwala matenda omwe ankafufuzawo. Kale ndithu, mu 1857, David Livingstone analemba kuti anthu a ku Tete ankaziopa kwambiri nkhufi chifukwa cha kutentha thupi kumene kumabwera zikaluma munthu. Makolo athu sankaziopa pachabe.

Ndaipeza yakanirira pakhungu. Ndichite chiyani?

Ichotseni nthawi yomweyo. Musadikire kuti ikhute igwe yokha, chifukwa ikakhalitsa pakhungu ndi pamene mpata wopatsira matenda umakula.

Chida chabwino ndi kachitsulo kopanira kosongoka, konga kamene ena amazulira nsidze. Igwireni pakamwa pake penipeni, pamene yalowera pakhungu, osati pamimba. Kenako kokani molunjika, pang'onopang'ono, osapotokola, osatswanyula. Nkhupakupa zamawanga zili ndi kamwa lalitali, ndipo zimadzimata pakhungu ndi zinthu zonga ulimbo, motero zimakana kaye. Pitirizani kukoka mofatsa, isiya yokha.

Kumudzi kachitsuloko sikapezeka nyumba iliyonse, ndikudziwa. Tengani ulusi wosokera, pangani kamsampha, kavekeni pakamwa pa nkhupakupayo moyandikira khungu, mangitsani n'kukokera m'mwamba mofatsa. Ngati ulusi palibenso, vekani kajumbo ku zala ndipo muigwire ndi nsonga za zikhadabo pafupi ndi khungu. Chofunika n'chakuti musafinye mimba yake, komanso madzi a m'thupi mwake asakhudze khungu lanu.

Ikachoka, tsukani pamalopo ndi sopo ndi madzi, ndipo ngati muli ndi sipiriti kapena ayodini pakanipo. Sambani m'manja. Nkhupakupayo iponyeni pamoto kapena m'kabotolo ka sipiriti. Chizolowezi chathu choiphwanya pakati pa zikhadabo ndi chimene ndikupempha kuti tichisiye, chifukwa m'manja mwa mlimi simusowa timabala, ndipo tizilombo timalowera pomwepo. Mukapeza imodzi funaninso zina thupi lonse. Ngati ndi tating'onoting'ono tija tambirimbiri, sambani msanga ndi sopo, mukudzikhula ndi kansalu, ndipo totsalira mutichotse kamodzikamodzi.

Chomaliza, lembani tsikulo penapake, ngakhale m'kabuku ka kuchipatala. Pakadutsa sabata mudzalifuna.

Agogo amati tiziithira palafini kapena kuiwotcha ndi machesi. Kodi n'kulakwa?

Agogo ankafuna kuti isiye yokha mutu usatsalire, ndipo cholinga chawo chinali chabwino. Koma njirazi sizithandiza. Nkhupakupa imapuma pang'onopang'ono kwambiri, moti mukaimata vaselini kapena mafuta ophikira imatha kukhala maola ikuyamwabe. Mukaizunza ndi moto, palafini kapena madzi a fodya, ingathe kulavulira malovu ambiri m'chilonda, pamene ife tikufuna kupewa malovu omwewo. Ndaonapo ana ali ndi bala la moto lalikulu kuposa pamene nkhupakupa inaluma. Kudulapo ndi lezala kapena kutemerapo mankhwala kumangoonjezera chilonda china pamalo amene akanapola okha.

Mutu wake watsalira m'khungu. Kodi udzamera kapena kulowa m'thupi?

Ayi. Chimene chimatsalira ndi kamwa lake, ndipo palokha silingamere kapena kuyenda. Ngati likuoneka ndipo mungalitole mosavuta ndi kachitsulo koyera, litoleni. Ngati lazama, musakumbe ndi singano kapena munga. Tsukanipo, khungu lidzalitulutsa lokha monga limachitira ndi kachitsotso. Pakayamba kutupa kwambiri, kutentha kapena kutuluka mafinya, pitani kuchipatala.

Ndaichotsa ndipo ndikumva bwino. Ndipitebe kuchipatala?

Ngati yachoka bwino ndipo simukumva chilichonse, palibe chifukwa chomwera mankhwala. Kuyabwa ndi katotupa kakang'ono kwa masiku awiri kapena atatu n'kozolowereka. Ntchito yanu ndi kudziyang'anira kwa masabata awiri kapena atatu. Thupi likatentha m'masiku amenewo, kapena pamalopo pakasanduka pakuda, musazengereze. Amene ali ndi bala lalikulu ndipo papita zaka zambiri asanabayitse katemera wa kafumbata afunse za katemerayo.

Ndingadziwe bwanji kuti matenda a nkhupakupa andigwira?

Kawirikawiri amayamba patatha masiku 5 mpaka 7 chilumidwire, nthawi zina mpaka 10. Thupi limatentha mwadzidzidzi, mutu umawawa kwambiri, minofu imaphwanya, ndipo ambiri amadandaula kuti khosi likuwawa chakumbuyo. Mpaka apa palibe chosiyana ndi malungo.

Chizindikiro chimene chimaulula ndi kachilonda. Pamene nkhupakupa inaluma pamabwera nkhanambo yakuda, yozungulira, kukula kwake ngati njere ya soya kapena kuposerapo pang'ono, ngati pagwera kakhala ka moto. M'mbali mwake mumatupa n'kufiira, ngakhale pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka msanga. Nthawi zambiri sikawawa kwenikweni, n'chifukwa chake anthu sakazindikira. Tingakhale tiwiri, titatu kapena kuposa, popeza tinkhupakupa tija timaluma tambiri. Pafupi ndi kachilondako pamatuluka mwanabere: ngati kali kumwendo mwanabere amakhala m'mphechepeche, ngati kali kumkono amakhala m'khwapa, ngati kali m'mutu amakhala m'khosi kapena kuseri kwa khutu. Ena amatuluka totupa pathupi, ndipo pa matenda ochokera ku nkhupakupa ya agalu totupato timafika ndi m'zikhatho ndi kumapazi komwe.

Kachilondaka kamakonda malo obisika: m'mphechepeche, kumaliseche, pakati pa matako, pansi pa mabere, pamchombo, kuseri kwa bondo, m'chiuno momwe mumadutsa lamba, ndi m'tsitsi. Munthu akatentha thupi m'nyumba mwanu, wina amene samuchitira manyazi amuyang'ane malo onsewa masana kukuwala. Mwana wa mchemwali wanga uja anavutika masiku anayi chifukwa palibe amene anaganiza zomuvula kabudula.

Musadalire kukumbukira kuti munalumidwa. Ambiri amene amadwala matendawa nkhupakupayo sanaione n'komwe.

Ndiye ndisiyanitse bwanji ndi malungo?

Kunyumba simungathe kusiyanitsa, ndipo musayesere. Malungo amapha msanga, makamaka ana ndi amayi oyembekezera, choncho aliyense amene watentha thupi ayambe wayezetsa malungo tsiku lomwelo. Kuyeza kwa magazi a pachala kumatenga mphindi 15 kapena 20 zokha.

Vuto limayamba akatiuza kuti malungo sanapezeke. Ambirife sitikhulupirira. Timati chida chanama, n'kukagula LA kwina, kapena kumwa wotsala wa mnzathu. LA amapha tizilombo ta malungo tokha, bakiteriya wa nkhupakupa samukhudza. Masiku atatu amene mukumwa LA, matenda enieniwo akukulirakulira. Ena akaona kuti sizikusintha amayamba kukayikirana m'mudzi, pamene chimene chawagoneka chili m'khwapa mwawo momwemo.

Malungo akapanda kupezeka, musatuluke m'chipinda cha adokotala musananene kumene mwayenda. Pa mzere wautali dokotala sangafunse zonse, ndiye yambani ndinu: "Adokotala, sabata yatha ndinali kudambo kumweta udzu, ndipo ndinachotsa nkhupakupa apa." Kapena: "Mwanayu amadyetsa mbuzi, ndipo ali ndi kachilonda kakuda m'mphechepeche." Ngati kachilondako kali pamalo a manyazi, pemphani kuti akuoneni wa chipatala amene ndi mayi mnzanu kapena bambo mnzanu. Matendawa kawirikawiri amadziwika ndi maso komanso ndi mbiri imene wodwala wafotokoza, chifukwa kuyeza kwake m'magazi kumafuna zida zimene sizipezeka m'zipatala zing'onozing'ono.

Zimathekanso kukhala ndi zonse ziwiri. Ngati malungo anapezeka, mwamwa LA mwandondomeko, koma thupi likutenthabe, bwererani. Ndipo amene munayenda cha ku nkhalango ya Kasungu n'kulumidwa ndi kashembe, nenaninso zimenezo, popeza kaodzera naye amayamba ndi kutentha thupi, nthawi zina ndi chilonda pamene munalumidwa.

Thupi limatentha masiku ochepa, n'kusiya, n'kudzayambiranso. Ndi chiyani chimenechi?

Umu ndi mmene amayendera matenda a nkhufi. Patatha pafupifupi sabata chilumidwire, munthu amatentha kwambiri, kunjenjemera, mutu ndi mfundo kuwawa, kwa masiku ngati atatu. Kenako amatuluka thukuta lambiri n'kupeza bwino. Amabwerera kumunda. Pakatha pafupifupi sabata ina, zimayambiranso. Zingabwereze choncho kangapo, chifukwa bakiteriya ameneyu amasintha maonekedwe a kunja kwake, moti chitetezo cha m'thupi chikamuzindikira, iye wavala kale chovala china.

Kupumira kwa pakatiko ndi kumene kumanamiza. Wodwala amaganiza kuti mankhwala a malungo anagwira ntchito, ndipo zikabwerera amati udzudzu wamulumanso. Pa matenda amenewa kachilonda kakuda kaja sikakhalapo.

Bakiteriyayu amaoneka akayang'ana magazi pa maikulosikopu, koma magaziwo atengedwe pamene thupi likutentha. Mukapita tsiku limene mukumva bwino, sangaoneke. Choncho pitani pa tsiku lodwalalo ku chipatala chimene chili ndi labotale, monga chachikulu cha pa boma, ndipo mufotokoze kuti kutenthaku kwabwera kangati, komanso ngati mumagona m'nyumba ya ming'alu kapena pafupi ndi khola la nkhumba.

Pali chinthu chimodzi chimene wodwala ndi omudwazika ayenera kudziwiratu. Patangopita maola ochepa atamwa mankhwala oyamba, wodwala angathe kunjenjemera kwambiri, kutentha koposa, kenako kufooka, chifukwa mabakiteriya akufa ambiri nthawi imodzi. Ichi n'chifukwa chake mankhwala oyamba amafunika kumwera pachipatala pomwepo n'kudikira kaye achipatala akukuyang'anirani.

Nanga amayi oyembekezera ndi ana?

Kwa mayi woyembekezera matenda a nkhufi ndi oopsa kwambiri. Angachititse kupita padera, kubereka masiku asanakwane, kapena mwana kufa atangobadwa, ndipo mayinso moyo wake umakhala pachiswe. M'chigawo chapakati cha dziko la Tanzania, cha ku Dodoma, matendawa akhala akuvutitsa amayi ndi ana kwa zaka zambiri. Mayi woyembekezera akatentha thupi asagone nazo kunyumba, ndipo anene kuti ndi woyembekezera asanalandire mankhwala alionse, ngakhale mimba isanaoneke.

Ana sanena kuti alumidwa. Powasambitsa madzulo muziwayang'ana m'tsitsi, kuseri kwa makutu, m'khosi ndi m'mphechepeche, makamaka amene amapita kubusa, kokumba mbewa kapena kosewera ndi agalu. Mwana akayamba kufooka miyendo kapena kudzandira popanda chifukwa, funani nkhupakupa m'mutu mwake ndipo muthamangire naye kuchipatala. Mitundu ina ili ndi poizoni m'malovu amene amafooketsa minofu, ndipo kufookako kumatha nkhupakupayo ikachotsedwa.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kudikira kuti kuche?

Wodwala akayamba kubwebweta kapena kusokonezeka, kukomoka, kuuma khosi, kubanika, kusanza chilichonse chimene wamwa, maso kuchita chikasu, kukodza pang'ono kwambiri, kapena kutuluka magazi m'mphuno, m'nkhama, m'masanzi kapena m'chimbudzi, funani njinga, kabaza kapena galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Ndimapha mbuzi ndi ng'ombe pamsika. Kodi ine ndili pa chiopsezo chotani?

Inu, abusa ndi onse ogwira ziweto muyenera kudziwa za matenda otchedwa Crimean-Congo haemorrhagic fever. Anadziwika koyamba ku Crimea mu 1944, n'kudzapezekanso ku Congo mu 1956, ndipo akhala akugwira anthu m'maiko monga South Africa, Namibia ndi Uganda. Sachitika kawirikawiri, koma bungwe la World Health Organization limati pa anthu 100 odwala, 10 mpaka 40 amamwalira. Amayamba ndi vairasi imene imafala ndi nkhupakupa za mtundu wa Hyalomma, zakuda kumsana, za miyendo yamizeremizere.

Chiweto chimene chili ndi vairasiyi sichioneka chodwala. Munthu amaitenga polumidwa, pophwanya nkhupakupa ndi manja, kapena pokhudza magazi a chiweto chongophedwa kumene. Zizindikiro zimabwera msanga, kawirikawiri masiku 1 mpaka 3 chilumidwire, ndipo pakapita masiku ochepa magazi amayamba kutuluka. Amafalanso kuchoka kwa wodwala kupita kwa omusamalira kudzera m'magazi.

Choncho posenda chikopa valani magolovesi, phimbani mabala a m'manja, musalume mpeni ndi mano, ndipo musambe ndi sopo mukamaliza. Nyama yophika bwino ilibe vuto. Mukatentha thupi n'kuona magazi, musamwe asipirini kapena bulufeni chifukwa amaonjezera kutaya magazi. Pitani kuchipatala ndipo munene ntchito yanu mukangofika.

Mankhwala ake alipo? Kodi sindingangogula ndekha?

Alipo, ndipo si odula. Pa matenda a kachilonda kakuda, achipatala amakonda kupereka doxycycline, ndipo ambiri amayamba kupeza bwino m'masiku awiri kapena atatu. Pa matenda a nkhufi amagwiritsanso ntchito omwewo kapena ena, malinga ndi wodwalayo. Koma makapisozi ogula pabenchi la pamsika ayi. Simudziwa ngati ndi oyenera, ngati sanathe mphamvu padzuwa, ndiponso mlingo wa mwana kapena mankhwala a mayi woyembekezera amasankha ndi dokotala. Amoxicillin, amene anthu amathamangira pa chilichonse, sagwira ntchito pa Rickettsia.

Mukapatsidwa doxycycline, imwani ndi madzi ambiri, musagone mukangomwa, ndipo mumalize onse ngakhale mwachira. Panado amathandiza kuziziritsa thupi ndi mutu, koma sachiza matendawo.

Ng'ombe kapena nkhumba zanga zikufa ndi chigodola. Kodi ine ndingatenge?

Ayi, matenda awiriwa sagwira anthu. Chigodola cha nkhumba, chimene ndi African swine fever, chili ndi mbiri yaitali m'boma lino. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a za ziweto anapeza vairasi yake mu nkhufi zimene anatola m'midzi ya ku Mchinji konkuno, ndipo zimenezi zinasonyeza kuti khola lokhala ndi nkhufi lingasunge matendawa nkhumba zakale zitatha kale. Munthu sadwala, koma amawanyamula pa nsapato, pa zovala ndi pa nyama imene wapita nayo kumudzi wina.

Matenda a chigodola cha ng'ombe, otchedwa East Coast fever, amafala ndi nkhupakupa yofiirira imene imaunjikana m'makutu. Ng'ombe imatupa pansi pa khutu, imatentha, imabanika, ndipo amapha kwambiri ana a ng'ombe ndi ng'ombe zamkaka. Katemera wake amapangidwa ku Lilongwe, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu.

Ngakhale matendawa satigwira, nkhupakupa zikachuluka pa ziweto zimachulukanso pa udzu umene ana athu amadutsamo. Kusambitsa ng'ombe kudibi kapena kuzipopera mwandondomeko, ndi kusamalira agalu, kumateteza ndi banja lomwe.

Kodi mankhwala a dibi ndingadzole kapena kusambitsira mwana?

Ayi, musayerekeze. Mankhwala monga amitraz ndi poizoni kwa munthu, ndipo amalowa ngakhale kudzera pakhungu. Asungeni m'botolo lake lomwelo, pamalo okiya, osati m'botolo la zakumwa limene mwana angalitole. Popopera ziweto valani zodzitetezera, tsatirani mlingo wolembedwa, ndipo musagwiritse ntchito mankhwala opopera fodya kapena thonje pa ziweto. Wina akamwa mwangozi, musamusanzitse. Pitani naye kuchipatala mutanyamula botololo.

Kumunda, kudambo ndi kuphiri sitingasiye kupitako. Tidziteteze bwanji?

Zoona, ndipo sindinganene kuti anthu asiye kumweta udzu wofolera kapena kutola nkhuni m'mapiri a Mchinji. Nkhupakupa zikuluzikulu zimachuluka nthawi ya dzinja. Mvula ikatha, mazira ake amaswa, ndipo tating'ono timadzaza pa udzu nyengo ya masika mpaka m'miyezi yozizira, nthawi yomwe tikukolola mtedza ndi soya, kumweta udzu ndi kulima madimba. Ndiye palibe mwezi woti munthu n'kutayirira.

Valani buluku lalitali n'kulilowetsa m'masokosi kapena m'jombo. Amayi angavale buluku mkati mwa chitenje. Zovala zowala zimathandiza kuona nkhupakupa isanafike pakhungu. Yendani pakati pa njira pamene mungathe, ndipo popuma musakhale pa udzu pamene ng'ombe zimagona. Amene mungakwanitse, mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi mankhwala otchedwa DEET amathandizanso pa nkhupakupa.

Koma chimene aliyense angathe popanda kutulutsa ndalama ndi kudziyang'ana pofika kunyumba. Nkhupakupa imayendayenda kaye pathupi kufuna malo ofewa isanalume, choncho mukasamba msanga zambiri zimachoka zisanakanirire. Zovala za kumunda zikutumuleni panja, musaziponye pamphasa kapena pabedi. Kuchapa ndi madzi ozizira sikuzipha zonse. Ziyanikeni padzuwa lamphamvu mpaka ziume gwa, ndipo kusita n'kwabwino koposa. Mtolo wa udzu kapena nkhuni usalowe m'nyumba yogona. Pabwalo lambulani, ndipo nkhuku zisiyeni zizitola nkhupakupa m'khola la ng'ombe, zimagwira ntchito yabwino.

Ndikukayikira kuti m'nyumba mwathu muli nkhufi. Nditani?

Yang'anani m'ming'alu ya m'munsi mwa chipupa, pansi pa mphasa ndi m'fumbi la m'makona, makamaka mbali imene anthu amagona. Matani ming'alu yonse ndipo muzizira pansi pafupipafupi kuti pasakhale fumbi lobisalamo. Amene angathe kuika simenti achita bwino. Kugona pa bedi lotalikirana ndi chipupa, m'neti yonyikidwa m'mankhwala yopisiridwa bwino, kumachepetsa kulumidwa. Khola la nkhumba likhale patali ndi nyumba yogona, ndipo mitengo ya khola lakale musamangire nyumba kapena khola latsopano. Auzeni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti akuthandizeni pa za kupopera, musapopere nokha mankhwala a kumunda m'chipinda chogona ana. Pogona kumaliro, kumsasa wa kudimba kapena m'nyumba imene yakhala yopanda anthu, yalani kutali ndi chipupa.

Pa intaneti ndimawerenga za Lyme disease. Kodi ndi yomweyi?

Ayi. Amenewo ndi matenda a ku North America, Europe ndi mbali zina za Asia. Dzina lake linachokera ku tauni ya Lyme ku Connecticut, m'dziko la United States, kumene anazindikirika mu 1975, ndipo amafala ndi nkhupakupa za mtundu wa Ixodes za kumeneko. Zithunzi za chizere chofiira chozungulira zimene mumaona ndi za matenda amenewo. Ngati munapita kumaiko amenewo n'kulumidwa, auzeni adokotala. Ngati munalumidwa ku Mkanda, Kapiri kapena Waliranji, chimene muyenera kufuna ndi nkhanambo yakuda ndi mwanabere.

Nkhupakupa yalowa m'khutu mwa mwana. Ndiitulutse ndi chiyani?

Ngati ili kunja pa tsamba la khutu ndipo mukuiona bwino, ichotseni monga tafotokozera. Ngati yalowa mkati, musapisemo kamtengo ka machesi, nthenga kapena chitsulo, ndipo musathiremo palafini. Mungaboole mwinikhutu kapena kuikankhira mkati. Mwanayo amve ululu kapena asamve, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, kumene ali ndi nyali ndi zopanira zoyenera. Chimodzimodzi ngati yakanirira pachikope moyandikana ndi diso. Akaichotsa, lembani tsikulo, ndipo mumuyang'anire kwa masabata awiri kapena atatu ngati thupi lingatenthe.